Cabeza de Vaca: mtsamunda wachifundo akadali mtsamunda

Usiku wa pa 25 Epulo 1544, m'tauni ya Asunción, yomwe lero ndi likulu la dziko la Paraguay, gulu la azungu a ku Spain linalowa mwaphuma m'nyumba ya bwanamkubwa wawo likufuula kuti: "Ufulu! Ufulu!" Bwanamkubwayo, Álvar Núñez Cabeza de Vaca, anali gone pakama thupi likutentha, atangobwerako ku ulendo umene unadwalitsa pafupifupi aliyense amene anapita nawo. Anamuloza ndi malupanga, kumukokera panja atangovala malaya okha, n'kukamutsekera m'kachipinda kamdima kunyumba kwa Garci Venegas, msungichuma wa mfumu ya ku Spain. Miyendo anaimanga m'matangadza. Anakhala mmenemo miyezi pafupifupi 11, mpaka tsiku limene anamukweza chombo n'kumutumiza kwawo ngati mkaidi.

Ufulu umene unkafuulidwa usiku umenewo sunali wa Aguarani, eni dziko. Unali ufulu wa mzungu wosunga akazi achiguarani ochuluka mmene angafunire, kuwalimitsa minda, kuwasinthanitsa ndi chovala kapena lupanga, popanda womufunsa. Bwanamkubwa anali ataletsa zimenezi, ndiye anamuchotsa.

Chifukwa cha usiku umenewo, komanso zimene zinamuonekera zaka zam'mbuyo ku North America, dzina la Cabeza de Vaca silichoka pakamwa pa anthu ofuna kutitsimikizira kuti atsamunda sanali oipa onse. Amati taonani uyu: anakhalapo kapolo wa eni dziko, anadya nawo mizu, anawachiza, ndipo atapatsidwa mpando anawaikira kumbuyo mpaka anzake anamuukira. Zonsezi n'zoona, ndipo sindichotsapo ngakhale chimodzi. Chimene ndikukana ndi phunziro limene amatapamo. Ine ndikamawerenga mbiri ya munthu uyu, sindipezamo pamene ukapolo unamuphunzitsa kuti kulanda dziko la eni n'kulakwa. Chimene anatuluka nacho mu ukapolomo ndi njira yofatsa yotengera dzikolo, ndi chikhulupiriro chakuti njira yofatsayo imagwira bwino kuposa lupanga.

Anabadwira ku Jerez de la Frontera, kumwera kwa Spain, cha m'ma 1490. Dzina lakuti Cabeza de Vaca, kutanthauza mutu wa ng'ombe, analitenga kuchikazi. Nthano ya pabanjapo imati kholo lawo lina, mbusa, linaika chigaza cha ng'ombe pa kanjira ka m'mapiri kuti asilikali achikhristu adutsirepo popita ku nkhondo ya Las Navas de Tolosa mu 1212. Koma dzina lofunika pa nkhani yathu lili kuchimuna. Agogo ake anali Pedro de Vera, amene anagonjetsa chilumba cha Gran Canaria mu 1483, ndipo pambuyo pake anagulitsa anthu a pachilumba cha La Gomera ngati akapolo. Mdzukuluyo sanachite nawo manyazi. Pamapeto pa buku lofotokoza masautso ake, potchula mayina a opulumuka, akudzitchula kuti ndi mdzukulu wa Pedro de Vera amene anagonjetsa Canaria. Iye mwini anakula ali msilikali, ndipo anamenya nawo nkhondo ya ku Ravenna ku Italy mu 1512.

Mu Juni 1527 ananyamuka pa doko la Sanlúcar de Barrameda ngati msungichuma wa ulendo wa Pánfilo de Narváez, zombo zisanu ndi anthu pafupifupi 600, kupita kukalanda Florida. Ntchito ya msungichuma paulendo wotere inali kuwerengera mfumu gawo lake pa golide yense amene alandidwe. Golideyo sanaoneke. Anthu 140 anathawa ku Santo Domingo, namondwe anamiza zombo ziwiri ku Cuba, ndipo atakocheza ku Florida mu Epulo 1528 Narváez anasiyanitsa anthu 300 ndi zombo zawo n'kulowa nawo kumtunda. Zombozo sanazionenso. Njala ndi mivi ya anthu a ku Apalachee zitawatopetsa, anaganiza zokhoma mabwato asanu pagombe. Misomali anaisula kuchokera ku zitsulo za pa zishalo ndi za mauta awo, zingwe anapota ndi michira ya mahatchi, matanga anasoka ndi malaya, ndipo tsiku lachitatu lililonse ankapha hatchi imodzi kuti adye. Pa 22 Sepitembala anthu 242 anakwera mabwatowo, atathinana moti munthu sakanatha kutembenuka.

Mu Novembala mafunde analavula bwato la Cabeza de Vaca pa chilumba china kugombe la Texas, kufupi ndi kumene kuli Galveston lero. Anachitcha Malhado, chilumba cha tsoka. Pali chithunzi apa chimene sichichoka m'maso mwanga: azungu ali maliseche, nthiti zikuwerengeka, akunjenjemera ndi chisanu, ndiye eni chilumba afika, awayang'ana, akhala nawo pansi n'kuyamba kulira ngati pamaliro kwa nthawi yoposa theka la ola. Kenako anawanyamula kupita nawo kumudzi, atakoleza moto m'malo angapo m'njira kuti azipumirapo akuwotha. Mwa azungu 80 amene anasonkhana pachilumbapo, nyengo yachisanu itatha anatsala 15. Ena anadyana okhaokha, ndipo amene anagwidwa ndi nthumanzi poona zimenezi anali eni chilumba omwe aja.

Ubwenzi sunachedwe kusanduka ukapolo. Cabeza de Vaca ankakumba mizu m'madzi mpaka zala zake zinkatuluka magazi akangokhudza udzu. Anathawira kumtunda n'kuyamba malonda, kunyamula zigoba za nkhono kuchokera kunyanja, pobwera n'kutenga zikopa, dothi lofiira lodzola ndi miyala yosemera mivi. Anakhala m'dera limenelo zaka pafupifupi 6. Mu 1534, pa nyengo imene mitundu inkasonkhana kudya zipatso za mitengo yaminga ya m'chipululu, anazemba pamodzi ndi anzake atatu: Alonso del Castillo, Andrés Dorantes, ndi Estevanico, munthu wakuda wa ku Azemmour ku Morocco, amene anali kapolo wa Dorantes kuchokera ku Spain komwe. Mwa anthu 300 amene analowa kumtunda ku Florida, anayi awa ndi amene anakafika ku Mexico.

Chimene chinawadutsitsa ndi using'anga. Poyamba anachita kukakamizidwa: eni chilumba anawamana chakudya mpaka atavomera kuuzira odwala mpweya monga ankachitira asing'anga awo. Iwo ankaonjezapo chizindikiro cha mtanda ndi pemphero la Atate Athu. Odwala ankati achira, ndipo mbiri inathamanga kuposa miyendo yawo. Tsiku lina Cabeza de Vaca anatumbula munthu pachifuwa ndi mpeni, kuchotsa nsonga ya muvi, n'kusoka balalo ndi fupa la gwape. Anthu mazanamazana, nthawi zina zikwi, ankawaperekeza kuchoka mudzi uwu kukawatula mudzi winawo. Ankawatcha ana a dzuwa.

Tsono muli kachiganizo kamodzi m'buku lakelo kamene omukonda amakadumpha. Iye akuti, pofuna kusunga ulemu ndi mantha amene anthu anali nawo, azungu atatuwo sankalankhula nawo pafupipafupi. Wolankhula, wofunsa njira, wofufuza za midzi ya kutsogolo anali Estevanico. Taganizani. Anthu anayi, onse ali maliseche, onse mapazi ong'aluka, onse angothawa ukapolo umodzi, koma agawana kale malo: azungu kukhala duu ngati milungu, wakuda kuthamanga kutsogolo ngati mthenga. Munthu akazindikira kuti kukhala chete kumaopsa kuposa kukalipa, ameneyo wayamba kudziwa ulamuliro. Sukulu ya ubwanamkubwa ya Cabeza de Vaca inali imeneyi.

Mu 1536, kudera la Sinaloa kumpoto chakumadzulo kwa Mexico, anakumana ndi azungu anzawo, gulu la Diego de Alcaraz, limene linkasaka akapolo m'dera la bwanamkubwa Nuño de Guzmán. Midzi inali yotenthedwa, minda yagonera, anthu atathawira kumapiri. Alcaraz ataona khamu la anthu 600 amene anabwera chifukwa cha asing'anga anayiwo, malovu anadzaza m'kamwa. Anauza anthuwo kuti Cabeza de Vaca ndi mzungu ngati iye, kungoti wosochera ndi wopanda pake. Anthuwo anapukusa mitu. Anati awa achokera kotulukira dzuwa, inu kolowera dzuwa. Awa amachiza odwala, inu mumapha amoyo. Awa ali maliseche ndi opanda nsapato, inu mwavala, muli pa mahatchi, mikondo ili m'manja. Awa akapatsidwa kanthu amagawa, inu mumangolanda. Mawu amenewa ndi amene amachititsa anthu kumukonda Cabeza de Vaca mpaka lero, ndipo anakanganadi ndi Alcaraz pofuna kuteteza khamulo.

Koma tembenuzani tsamba. Atafika ku Culiacán, mkulu wa kumeneko, Melchior Díaz, anamupempha kuti agwiritse ntchito dzina lake poitana anthu amene anathawira kumapiri. Cabeza de Vaca anatumiza chimodzi mwa zikho zake zausing'anga ngati chizindikiro, atsogoleri a anthuwo anatsika, ndipo anauzidwa kuti abwerere m'midzi, amange matchalitchi, aimike mitanda, atumikire Mulungu wa akhristu, apo ayi adzatengedwa ukapolo kupita kumaiko ena. Chimene chinakanika ndi lupanga la Alcaraz chinatheka ndi chikho cha sing'anga m'masiku ochepa. Ndipo iye mwini akulembera mfumu Carlos V mosapsatira kuti anthu awa, kuti akhale akhristu ndi omvera mfumu, ayenera kutengedwa mokoma mtima, pakuti njira yotsimikizika ndi imeneyo, palibenso ina. Zoti anthuwo amvere mfumu ya ku Spain sakuzitsutsa n'komwe. Iye akukangana ndi anzake pa za njira yokafikira kumeneko. Mlenje wonena kuti nkhanga imagwidwa ndi mapira osati chibonga sakuikira kumbuyo nkhanga.

Anafotokozanso zimene anaona m'njira: belu lamkuwa, miyala yobiriwira ya mtengo wapatali, nsalu za thonje, zizindikiro za migodi. Nkhani zimenezi zinadzutsa mudyo ku Mexico City, ndipo mu 1540 Francisco Vázquez de Coronado ananyamuka ndi gulu lankhondo kukafuna mizinda ya golide kumpoto.

Munthu amene wazunzika zaka 8 chotere mukanaganiza kuti akafika kwawo akakhala pansi n'kuiwala za maiko a eni. Iye atafika ku Spain mu 1537 maso anali pa ubwanamkubwa wa Florida yemweyo. Anapeza mpando utapatsidwa kale kwa Hernando de Soto. De Soto anamuitana kuti apite naye, iye anakana. Mu Malichi 1540 anasainirana pangano ndi nyumba yachifumu lopita ku Río de la Plata, dera la ku South America lophatikizapo Paraguay, kumene Pedro de Mendoza, amene anakhazikitsa Buenos Aires mu 1536, anasiya njala ndi chipwirikiti n'kukafera panyanja pobwerera kwawo.

Pangano limenelo ndi loyenera kuliwerenga tisanayambe kukamba za mtima wa munthu. Ubwanamkubwa wa masiku amenewo unali bizinesi. Cabeza de Vaca analonjeza kuika ndalama zake zokwana ma ducat 8,000 pogula zombo, mahatchi, zida ndi chakudya, ndipo mfumu inamulonjeza gawo limodzi mwa magawo 12 a chuma chopezeka m'dzikomo. Asilikali opita maulendo otere nawonso sankadikira malipiro a pamwezi. Ambiri ankagulitsa zawo kapena kukongola, poyembekeza kukabweza ndi zimene akapeze kutsidya. Ndiye dzifunseni: m'dziko lopanda golide, ngongole zonsezi zibwezedwa ndi chiyani? Chuma chimene chinalipo ku Paraguay chinali anthu basi, makamaka akazi amene ankalima chimanga ndi chinangwa, kupota thonje ndi kuphika. Bwanamkubwa anatsika chombo chifundo chili m'dzanja ili, pangano lili m'dzanja ilo. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ulendo wake woyamba unaonetsa kuti njira yake imagwiradi. Atafika pa chilumba cha Santa Catarina kugombe la Brazil mu Malichi 1541, anasankha kudutsa m'nkhalango ndi anthu 250 ndi mahatchi 26 mpaka ku Asunción. Analetsa asilikali kulowa m'nyumba za anthu, chakudya chilichonse ankalipira ndi mipeni, mbedza ndi malaya, ndipo midzi ya Aguarani inkawalandira ndi abakha, uchi ndi chimanga. M'njira anafika pa mathithi a Iguazú. Mabuku amati ndiye anawatulukira, monga amanenera za Livingstone ndi Mosi-oa-Tunya, chonsecho dzina lakuti Iguazú, madzi aakulu, likuchita kunena lokha kuti eni ake anawaona kalekale. Pa 11 Malichi 1542 analowa mu Asunción gulu lake lili pafupifupi lathunthu, chinthu chimene Narváez sakanachilota. Koma m'njira yamtendere yomweyo analengeza kuti dzikolo tsopano ndi la mfumu ya ku Spain, n'kulitcha Vera, dzina la agogo aja.

Ku Asunción anapeza azungu mazana angapo pansi pa Domingo Martínez de Irala, amene anali atasamutsirako otsala a ku Buenos Aires mu 1541. Azunguwa anali atapeza kale kadyedwe kawo. Aguarani ankamanga ubale popereka ana awo aakazi ku ukwati, ndipo mlamu ankathandiza mlamu wake pa nkhondo ndi pa ntchito. Azungu anaulandira mwambowu ndi manja awiri n'kuutembenuza chadodolido. Mkamwini, woyenera kudzichepetsa pakhomo la apongozi, anasanduka bwana wa mudzi wonse: akazi khumi, makumi awiri, ena kuposa apo, abale onse a akaziwo n'kukhala antchito ake m'dzina la chilamu. Ansembe ena a nthawiyo anadandaula m'makalata kuti akazi ankayenda m'manja mwa azungu ngati ndalama.

Mu Epulo 1542 Cabeza de Vaca analengeza malamulo ake. Mzungu asapite kumidzi popanda chilolezo. Asatenge kanthu ka mwini popanda kulipira. Asagulitse mkazi amene ali mfulu. Asasunge mayi ndi mwana wake, kapena akazi apachibale, ngati akazi ake. Analetsanso oyang'anira chuma cha mfumu, Alonso Cabrera, Felipe de Cáceres, Garci Venegas ndi Pedro Dorantes, kudula msonkho pa nsomba, uchi, chimanga ndi zikopa za azungu osauka. Apa anaputa mavu pachisa. Ansembe awiri, Bernardo de Armenta ndi Alonso Lebrón, anayesa kuzemba kulowera ku Brazil ndi makalata omuneneza, atatenga atsikana achiguarani oposa 30, anawabweza panjira. Pofika mu 1543 anali atadana ndi osunga chuma, ansembe ena ndi asilikali akale, onse nthawi imodzi.

Tiyang'ane tsopano dzanja linalo. Chakumapeto kwa 1542 anatumiza gulu kukafufuza njira yopita ku phiri la siliva limene aliyense ankalilota, ndipo mfumu ina yachiguarani, Aracaré, inayenera kuperekeza ndi anthu ake. Aracaré anauza anthu ake kuti abwerere, asawaonetse azungu njira. Bwanamkubwa wachifundo uja anamuzenga mlandu n'kulamula kuti anyongedwe. Wokwaniritsa lamulolo anali Irala, yemwe uja adzamulande mpando. Mu 1543 abale a Aracaré, motsogozedwa ndi Tabaré, anaukira, ndipo bwanamkubwa anatumiza Irala yemweyo kukawathira nkhondo. Akaidi ena a mtundu wa Agaces ananyongedwanso mwa lamulo lake. Chiyambi cha mlandu wa Aracaré chinali kukana kukhala namulondola wa ulendo umene sunali wake. M'maso mwa Cabeza de Vaca, munthu amene wachitiridwa chifundo n'kukanabe kumvera wasanduka woukira mfumu, ndipo woukira mfumu malo ake ndi pachingwe. Chifundo chake chinkathera pamenepa.

Mu Sepitembala 1543 anakwera mtsinje wa Paraguay iye mwini, ndi azungu 400 ndi Aguarani pafupifupi 1,200 m'mabwato, kukafuna siliva uja. Anakamanga msasa pa Puerto de los Reyes, m'madambo a Pantanal. Chakudya chitatha, anatumiza asilikali kumidzi yoyandikana ndi lamulo lakuti agule mwamtendere, koma eni ake akakana atenge ndi mphamvu. Eni ake anakana, ndipo magazi anakhetsedwa. Mitundu ina ya kumeneko itapha azungu angapo, anailengezera nkhondo n'kuloleza kuti ogwidwa akhale akapolo. Madzi anasefukira, udzudzu unachuluka, pafupifupi msasa wonse unagona ndi malungo, siliva osaoneka. Ponyamuka kubwerera, analamula kuti atsikana pafupifupi 100 amene makolo awo anawapereka kwa akuluakulu a asilikali abwezedwe kwawo. Pa zonse zimene anachita, ichi asilikali sanamukhululukire. Anafika ku Asunción pa 8 Epulo 1544, ndipo patangotha masiku 17 anamumanga.

Wina anena kuti, nanga atsikana 100 amenewo? Kwa iwo ndi amayi awo, kusiyana kwa Cabeza de Vaca ndi Irala sikunali nkhani ya m'mabuku. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Ngati tsoka lakugwetsera m'manja mwa mtsamunda, bola wolipira bakha wako kusiyana ndi wongomunyamula. Bwanamkubwa atamangidwa, azungu anakhamukira m'midzi kukatenga akazi mwachisawawa mpaka Aguarani anaukira mwamphamvu mu 1545 ndi 1546. Kusiyana kunalipo, ndipo kunali kwa magazi. Koma taonani kuti munthu mmodzi yemweyo, pamsasa womwewo, m'miyezi yomweyo, anabweza atsikana 100 kwa makolo awo n'kulolanso kuti ana a makolo ena amangidwe zingwe. Sindikuganiza kuti anali wachiphamaso. Kwa iye ziwirizi zinali lamulo limodzi: womvera atetezedwe, wokana agwidwe. Ndipo wogamula kuti womvera ndani, wokana ndani, anali iye mwini, mlendo wa dzulodzuloli amene palibe mmodzi wa iwo anamuitana.

Tisaiwalenso kuti zabwino zambiri zimene timadziwa za iye zinatuluka m'cholembera chake. Buku la masautso a ku Florida linasindikizidwa ku Zamora mu 1542, ndipo analilemba ngati munthu woonetsa mfumu kuti, ngakhale sanabweretse golide, wabwera ndi nzeru za dziko ndi anthu ake zoyenera mphotho. La ku Paraguay linatuluka ku Valladolid mu 1555, lolembedwa ndi mlembi wake Pero Hernández pofuna kutsuka dzina la bwana wake. Adani nawonso analemba zawo. Msilikali wachijeremani Ulrich Schmidl, amene analipo, anamufotokoza ngati munthu wodzitukumula amene asilikali sankamufuna. Ena anamunenera kuti ankaika chizindikiro chake cha mutu wa ng'ombe pamalo pa cha mfumu. Mbali zonse ziwirizi zinali ndi chifukwa chokometsera nkhani. Mbali yachitatu, ya Aracaré ndi anthu ake, timaimva pokhapokha mzungu akafuna mboni, kuphatikizapo mawu okoma a ku Sinaloa aja.

Kugwa kwake sikunali tsoka la iye yekha. Mu Novembala 1542 Carlos V anasaina malamulo atsopano oletsa kugwira eni dziko ukapolo ndi ochepetsa mphamvu za azungu amene anagawiridwa anthu. Woimira mfumu Blasco Núñez Vela atapita nawo malamulowo ku Peru, azungu a kumeneko, motsogozedwa ndi Gonzalo Pizarro, anamuthira nkhondo n'kumudula mutu ku Añaquito mu Januwale 1546. Ku Mexico, woimira mfumu Antonio de Mendoza anaona kumene mphepo ikulowera n'kuyamba waika pambali ndime zowawa. Mu 1545 mfumu yomweyo inafafaniza ndime imene inkadandaulitsa azungu kwambiri. Nyumba yachifumu inkafuna ziwiri, chikumbumtima choyera ndi zombo zodzaza siliva, ndipo zikasemphana inkadziwa chosankha.

Cabeza de Vaca anamukweza chombo mu Malichi 1545. Omuukira anachitcha chombocho Comuneros, dzina la anthu amene anaukira Carlos V ku Castilla mu 1520, omwe iye anamenyana nawo ali kumbali ya mfumu. Chipongwe chochita kukonza. Ku Spain bwalo loona za maiko a kutsidya la nyanja linamutsegulira milandu yoposa 30, ndipo ina inali yozunza eni dziko. Mposeketsa, mpomvetsanso chisoni: anthu amene anamumanga chifukwa choteteza Aguarani anamusumira kuti ankazunza eni dziko, ndipo umboni sunawasowe, pakuti Aracaré ananyongedwadi. Mlandu unakoka zaka. Mu 1551 anamulanda maudindo, kumuletsa kupondanso ku America, ndi kumulamula kukatumikira zaka 5 ku Oran, kumpoto kwa Africa, ndi ndalama zake. Atachita apilo, mu 1552 anamuchotsera za ku Oran, koma ku Río de la Plata sanaloledwe kubwererako. Anamwalira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1550.

Irala ndiye anadzapatsidwa mpando mwalamulo ndi nyumba yachifumu yomweyo. Mu 1556, chaka chimene anamwalira, anagawa Aguarani pafupifupi 20,000 kwa azungu pafupifupi 320 kuti aziwagwirira ntchito. Funso limene sindingalithawe ndi ili: Cabeza de Vaca akanakhalabe pampando, kugawaku kukanalephereka? Ine ndikukaika. Mwina kukanachedwa, mwina kukanachitika ndi kalembera wooneka bwino, malipiro a mbedza ndi mipeni, wansembe ataima pambali. Koma ma ducat 8,000 aja anali akudikirabe kubwezedwa, asilikali anali akudikira gawo lawo, ndipo siliva ku Paraguay kunalibe.

Anthu awiri m'nkhaniyi amandikhala m'mutu kuposa bwanamkubwa. Woyamba ndi Estevanico. Atafika ku Mexico City mu Julayi 1536, opulumukawo analandiridwa ndi woimira mfumu Antonio de Mendoza ndi Hernán Cortés, amene anagonjetsa Mexico. Azungu atatu anabwerera ku ufulu wawo, iye anabwerera ku ukapolo wake. Anachoka m'manja mwa Dorantes n'kulowa m'manja mwa Mendoza, amene mu 1539 anamutumiza kukatsogolera wansembe Marcos de Niza kumpoto, ndipo anaphedwa pa mudzi wa Hawikuh wa anthu a mtundu wa Zuni. M'buku lonse lija, lodzaza ndi kubuula kwa munthu amene analawa ukapolo, mulibe pamene wolemba akudabwa kuti mnzake wa masautso onsewa akadali katundu wa munthu. Pa mndandanda wa opulumuka akumutchula pomalizira, wopanda dzina la bambo, wopanda la agogo.

Winayo ndi mayi wachiguarani amene ankapititsira bwanamkubwa chakudya m'kachipinda kamdima kaja. Alonda ankamuvula zovala zonse, kumuyang'ana m'kamwa ndi m'makutu, mpaka kumumeta tsitsi poopa kuti wabisamo kalata. Kalatayo inali kuphazi: kapepala kopyapyala kokulungidwa, komatidwa ndi phula lakuda, komangidwa ndi ulusi wakuda kunsi kwa zala. Usiku wachitatu uliwonse ankalowa nako n'kutuluka ndi yankho. Pero Hernández anafotokoza ulusi, phula ndi zala, zonse mwatsatanetsatane. Dzina la mayiyo sanalembe.